Nsabwe zikagwira nyemba musathamangire sipuleya, kachikumbu ka madontho 7 kali m'njira

Inu amene muli ndi kamunda kuno ku UK, kaya ndi kuseri kwa nyumba kaya ndi ka alotimenti kobwereka ku khonsolo, mwezi wa Meyi ukamatha kulowa mu Juni mumaona nokha zimene zimachitika. Nsonga za nyemba zimangoda bii ndi nsabwe, masamba a repu ayamba kupotana, maluwa a rozi ali nenenene kumata, ndiye mtima umangoti ndithamangire ku shopu ndikagule botolo la mankhwala ndithane nazo lero lomwe. Ine pempho langa ndi loti muyambe mwadikira kaye sabata imodzi kapena awiri, mutembenuze masamba muone amene wafika kale pa ntchitoyo. Nthawi zambiri mupezapo kachikumbu kofiira kaja azungu amati ladybird, kapena ana ake, ndipo anawo ndi amene anthu ambiri timapha osadziwa chifukwa safanana n'komwe ndi mayi wawo.

Tiyambe ndi kukazindikira kakakulu, poti mitundu yake ndi yambiri, dziko lonse ilipo pafupifupi 6,000 ndipo ku Britain kokha ipitirira 40. Ka madontho 7 ndi kofiira kowala, kozungulira pamsana, kutalika kwake mamilimita 6 mpaka 8 basi. Mapiko ake olimba aja ndi awiri, lililonse lili ndi madontho atatu akuda, ndiye dontho la nambala 7 lili pakati pomwe mapiko akumana, kuseri kwa khosi, ndipo m'mbali mwa dontho limeneli muli timabala tiwiri toyera. Chigawo cha pakhosi ndi chakuda chokhala ndi mabala awiri oyera m'makona akutsogolo. Miyendo ndi yakuda, izi muzikumbukire chifukwa zitithandiza kutsogoloku. Carl Linnaeus ndiye anakapatsa dzina la sayansi loti Coccinella septempunctata mu 1758, ndipo kwawo kwenikweni ndi ku Europe, Asia ndi kumpoto kwa Africa. Zimene ana amauzana zoti madontho amawerenga zaka zake sizoona, kamakhala moyo pafupifupi chaka chimodzi ndipo madontho amakhala 7 omwewo mpaka kufa.

Chakudya chake chachikulu ndi nsabwe za m'masamba. Kakakulu kamodzi nsabwe zikachuluka kamatha kudya pafupifupi 50 pa tsiku, ndipo mphutsi yake imodzi imamaliza nsabwe mazanamazana isanasanduke kachikumbu. Masamba sikadya, mizu sikakhudza, mungu wa maluwa ndi timadzi take kamangodyako nsabwe zikasowa.

Tsono chifukwa chimene ndikulimbikira kuti musapopere chili pa kuswana kwa awiriwa. Nsabwe nyengo yotentha sizifuna yamphongo, zazikazi zimangobereka ana amoyo, osati mazira, ana aakazi okhaokha, ndipo mwana wobadwa lero pakatha sabata imodzi kapena masiku 10 nayenso wayamba kubereka. Zikapanikizana pa chomera chimodzi zimabereka zamapiko zomwe zimauluka kukayamba kwina. Pomwe kachikumbu kathu kuchokera pa dzira kufika pokhala kakakulu pamatenga mwezi kapena kupitirirapo, ndipo ku Britain nthawi zambiri kamaswana kamodzi kokha pa chaka. Ndiye mukapopera mankhwala aja opha chilichonse, monga okhala ndi deltamethrin, lambda-cyhalothrin kapena cypermethrin, mumapha onse awiri, koma nsabwe zotsala zobisala m'masamba opotana kapena zouluka kuchokera kwa aneba zimadzazanso munda m'masabata awiri, pomwe alonda anu, tizikumbu tija, mwawathera chaka chonse. Mapeto ake mumapoperanso, kenaka kupoperanso, ndalama n'kumangopita ndipo ndiwo zomwezo ndi zomwe mukudyetsa ana kunyumba. Zimandipweteka ndikaona munthu wolima ndi mtima wonse akulowa m'bwalo limeneli chifukwa choti palibe anamuonetsa mphutsi ya kachikumbu.

Mphutsiyo ili chonchi. Ndi yayitali osati yozungulira, yotuwa modera, ili ndi miyendo 6 yakuda yotambalala kutsogolo, thupi lake limanka lichepa chakumchira ndipo lili ndi timatuza takuda m'mizere, mukayiyang'anitsitsa imaoneka ngati kang'ona kakang'ono. M'mbali mwake muli timabala ta olenji, tiwiritiwiri mbali iliyonse, pena chakutsogolo kwa mimba pena chapakati. Ikangoswedwa imakhala kakang'ono kakuda kovuta kuona, koma imafundula katatu ikukula mpaka kupitirira pang'ono sentimita imodzi. Ilibe mapiko ndiye siingathawe munda wanu, ndipo imadya kwambiri. Mukayipeza pa nsonga ya nyemba khalani pansi muyionerere pang'ono. Imayenda mofulumira ikugwedeza mutu uku ndi uku, maso ake saona patali ndiye imachita kugunda nsabweyo, ikangoyigunda yayigwira ndi kukamwa n'kuyinyamula m'mwamba, nsabwe miyendo ili piriphiti, kuyiyamwa mpaka kutsala kachikopa kofota, n'kutaya n'kupita pa ina. Nsabwe zoyandikana nazo zina zimayamba kudzigwetsa pansi. Munthu ukaona zimenezi kamodzi sungadzayiphwanyenso ndi chala poganiza kuti ndi mbozi.

Mazira ake ndi achikasu chakupsa, osongoka pang'ono, oima chilili mothithikana pamodzi, kagulu kamodzi mazira 10 mpaka 50, ndipo amakonda kukhala kunsi kwa tsamba pafupi ndi pomwe pali nsabwe. Mayi saikira pomwe palibe chakudya, ichi ndiye chinsinsi chonse, munda wopanda nsabwe n'komwe sudzakhala ndi tizikumbuti. Amaswa pakatha masiku 4 mpaka 10 kutengera kutentha, ndipo akatsala pang'ono kuswa amada. Pa kabichi ndi repu samalani musawasokoneze ndi mazira a gulugufe woyera uja wobereka mbozi, nawonso ndi achikasu ndipo amakhala m'magulu, koma ake ndi otumbuluka ndipo ali ndi timizere totsika m'mbali, pomwe a kachikumbu ndi osalala owala. Ngati maso akuvuta jambulani ndi foni mukulitse chithunzicho.

Mphutsi ikakhuta imamata mchira wake pa tsamba kapena pa mtengo wothandizira nyemba, n'kupindika msana kusanduka kachikwa ka olenji ka mabala akuda. Ambiri amayesa ndi ndowe ya mbalame kapena chilombo chakufa n'kukanda. Kasiyeni, mukakakhudza kamadzuka pang'ono n'kugonanso, ndiye kuti kali moyo. Pakatha sabata kapena kupitirira pang'ono mumatuluka kachikumbu kachikasu kofewa kopanda dontho ndi limodzi lomwe, madontho amayamba kuoneka pakapita maola angapo ndipo kufiira kwenikweni kumabwera pang'onopang'ono m'masiku otsatira. Ndiye mukaona kachikasu kotuwa pafupi ndi chikopa chong'ambika m'mwezi wa Julayi kapena Ogasiti, ndi komweko, kangobadwa kumene.

Tsopano zochita. Kuyambira Epulo muziyendera mbewu zanu kamodzi kapena kawiri pa sabata, m'mawa dzuwa litayamba kufunda, mukutembenuza masamba ndi kusuzumira m'nsonga. Mukapeza nsabwe musangoona nsabwezo, funafunani mazira, mphutsi, zikwa ndi tikulutikulu. Ngati zilipo olo zochepa, ndipo mbewu yanu ndi yokulirapo yoti siifa ndi masiku ochepa, isiyeni, mubwerenso pakatha masiku 5 kapena 7. Kawirikawiri mupeza nsonga ija yatsala ndi zikopa zoyera ndi nsabwe zowerengeka. Zikhala zosaoneka bwino kwa kanthawi, masamba ena apindika, ena ada ndi kankhungu kakuda komera pa timadzi tomata timene nsabwe zimatulutsa, koma mbewu imaphukira bwinobwino. Pomwe simuyenera kudikira ndi pa mbande zazing'ono zongowokera kumene ndi pa mbewu za mu girinihausi, izo nsabwe zitha kuzimaliza alonda asanafike, ndiye thandizani ndi manja.

Kuthandiza ndi manja ndikunena izi. Pa nyemba zazikulu zija amati broad beans, nsabwe zakuda zimayambira ku nsonga yanthete, ndiye makoko oyamba am'munsi akangoyamba kuoneka tsinani nsonga ija masentimita 7 kapena 8. Musanayitaye yang'anani ngati ilibe mazira kapena mphutsi, ikakhala nazo igonekeni pansi pa mbewu ina ya nsabwe kuti mphutsi zikwere. Nsonga zoyera zopanda nsabwe ndi ndiwo, zimaphikika bwino ndi tomato ndi anyezi. Pa mbewu zina fikisani nsabwe ndi zala, kapena ziwazeni ndi madzi amphamvu a paipi m'mawa, zambiri zikagwa sizikweranso. Madzi a sopo amagwira ntchito, inde, koma amaphanso mphutsi za kachikumbu zikanyowa nawo, ndiye ngati mwafika pamenepo poperani tsamba lokhalo lomwe lavuta mutalifufuza kaye, madzulo njuchi zitapita, osati munda wonse. Ubwino wa sopo ndi woti akauma watha mphamvu, kachikumbu kobwera mawa sikafa nako. Sopo wotsukira mbale wochuluka amawaula masamba, bola kugula wopangidwira mbewu ndi kutsatira muyezo wa pa botolo.

Nyerere muziziyang'anira. Mukaona mzere wa nyerere ukukwera ndi kutsika pa mbewu dziwani kuti kumwambako kuli nsabwe, nyerere zimakonda timadzi totsekemera tija ndiye zimaweta nsabwezo, kuzisisita ndi tinyanga kuti zitulutse timadzi, ndipo kachikumbu kakafika zimakaluma miyendo mpaka kugwa, mazira ndi mphutsi zazing'ono zimanyamula n'kutaya. Pa mitengo ya zipatso monga maapozi, mapulamu ndi matcheri mangani lamba womata uja amagulitsa m'mashopu a zaulimi kuzungulira thunthu, ndipo onetsetsani kuti palibe nthambi yogunda mpanda kapena udzu wautali woti nyerere zidutsirepo. Pa nyemba ndi zovutirapo, kuthirira kwambiri pa chisa chawo ndi kugalauza dothi pamenepo kumazisamutsa pang'ono. Mankhwala aufa a nyerere musawaze pa bedi la ndiwo.

Chinthu china chomwe anthu sachiganizira ndi chakudya cha kumayambiriro. Tizikumbuti timadzuka ku tulo ta chisanu cha m'ma Malichi ndi Epulo tili ndi njala, nthawi yomwe nyemba zanu zilibe nsabwe. Tikapanda kupeza kanthu pafupi timauluka kupita kwina. Chitsamba choyabwa chija amati nettle, chomwe aliyense amadana nacho pa alotimenti, chimakhala ndi nsabwe zakezake zomwe zimayamba msanga ndipo sizigwira ndiwo zanu, ndiye tizikumbu timayambira pamenepo kudya ndi kuikira. Siyani kagulu kamodzi pakona pomwe pamafika dzuwa, kuseri kwa mulu wa kompositi mwachitsanzo, ndipo chakumapeto kwa Meyi kapena mu Juni nsabwe zikayamba pa ndiwo mudule theka lake, tikulutikulu tisamukira ku mbewu zanu. Dulani mutavala magolovesi ndipo zodulazo zisiyeni pafupi ndi bedi masiku angapo.

Maluwa nawonso bzalani pakati pa ndiwo, osati kutali. Amene amathandiza ndi a maluwa ang'onoang'ono osazama, oti kachilombo ka kamwa lalifupi kafikire mungu: dill, fennel, coriander womulekerera kuti achite maluwa, yarrow, calendula. Karoti kapena parsley wotsala chaka chatha mukamusiya amachita maluwa abwino kwambiri pa ntchito imeneyi. Maluwa omwewa amakokanso ntchentche zija zamizere yachikasu zoima malo amodzi m'mwamba, zomwe mphutsi zake zimadyanso nsabwe koopsa, ndi timavu ting'onoting'ono toikira mazira m'mimba mwa nsabwe. Mukaona nsabwe yofufuma yolimba ya mtundu wa khaki yomatirira pa tsamba, nthawi zina ili ndi kabowo kozungulira pamsana, imeneyo mavu athana nayo kale, musachotse tsambalo.

Feteleza wa nayitirojeni wochuluka ndi mnzake wa nsabwe. Ife okonda masamba timafuna repu wa masamba akuluakulu obiriwira ndiye timathira mowirikiza, koma mbewu yokula mothamanga imakhala yofewa yamadzimadzi ndipo nsabwe zimaswana msanga pamenepo kuposa momwe alonda angathere. Manyowa owolerana bwino kapena kompositi amapereka chakudya pang'onopang'ono. Mbewu yofota ndi ludzu nayonso imagwidwa msanga, ndiye thirirani mokwanira ndi kuphimbira dothi.

Pa repu, kale, mpiru ndi kabichi ndinene zoona, kachikumbu kokha sikakwanitsa nthawi zonse. Nsabwe za mbewu zimenezi ndi zija zotuwa zaufaufa zounjikana, zimasunga m'thupi mwawo mankhwala owawa ochokera mu mbewuzo ndipo zimadzikuta ndi phula, ndiye adani ambiri sazikonda kwenikweni, komanso zimalowa mkati mwa mtima wa mbewu momwe masamba apindana. Apa muziyendera pafupipafupi, kagulu kakangoyamba fikisani kapena thyolani tsambalo, ndipo zitsa zakale za kabichi ndi kale zomwe zagona m'munda chisanu chonse zizuleni pofika Epulo chifukwa ndi momwe nsabwezi zimadikirira mbewu zatsopano. Ena amafunditsa neti yamaso ang'onoang'ono kuyambira tsiku lowokera, imathandiza, koma dziwani kuti nsabwe zikalowa mkati mwa neti zimaswana mwaufulu chifukwa alonda atsekeredwa kunja, ndiye mukazipeza mkatimo vundukulani masiku angapo.

Nkhani ya chisanu ndi yomwe ife ochokera kotentha timaiphonya, chifukwa tinazolowera kuti munda wabwino ndi wosesedwa mbee ndipo zinyalala timatentha. Kuyambira Okutobala mpaka Malichi tizikumbu ta madontho 7 timagona osadya, timabisala pansipansi, m'masamba ouma ogwa, m'tsinde mwa udzu wothithikana, m'mapesi obowoka a maluwa ouma, m'makungwa ndi m'zitsamba zosayoyola masamba, nthawi zina tambiri pamalo amodzi. Mukasesa zonse mu Novembala n'kuthira mu bini ya khonsolo, mwatumiza alonda a chaka chamawa ku mulu wa zinyalala. Siyani masamba ouma pansi pa heji ndi m'mphepete mwa mpanda, mapesi a fennel ndi a mpendadzuwa asiyeni chiimire mpaka Epulo. Tinyumba ta tizilombo togulitsa tija si toipa koma ka madontho 7 kamakonda mulu wa masamba ndi timitengo kuposa bokosi lopachika m'mwamba. Mukapeza kachikumbu m'nyumba yotenthetsa pakati pa Januwale, kanyamuleni ndi kapepala mukakasiye mu shedi kapena pamalo ozizira osanyowa, chifukwa kutentha kwa hita kumakadzutsa nthawi yomwe kunja kulibe chakudya ndipo kamafa ndi njala.

Mukakagwira kamatulutsa timadzi tachikasu tonunkha m'mfundo za miyendo, n'kupinda miyendo kunamizira kufa. Timadzito ndi magazi ake, ndi owawa ndipo mbalame zikalawa kamodzi zimakumbukira mtundu wofiira uja. Kwa munthu si oopsa, kungosamba m'manja basi, koma ana muwauze asamaike m'kamwa. Kuluma sikaluma wamba. Achikulire a kuno amakumbukira chilimwe cha 1976, kunatentha ndi kuuma kwambiri, nsabwe zinachuluka kenaka n'kutha mwadzidzidzi, tizikumbu ta madontho 7 tosawerengeka tinadzaza m'matauni a m'mphepete mwa nyanja kum'mwera ndi kum'mawa kwa England tikusaka chakudya, ndipo anthu ankatsinidwa pakhungu. Ndi njala yokha imeneyo. Nthawi zina mupeza kachikumbu kataima duu osasuntha, pansi pa mimba pake pali kachikwa ka ulusi pakati pa miyendo. Ako kagwidwa ndi mavu otchedwa Dinocampus coccinellae, mphutsi yake inakulira m'mimba mwake n'kutuluka, ndipo kachikumbuko kakulondera chikwa cha mdani wake. Palibe chomwe mungachite, ndipo mavuwa satha tizikumbu tonse.

Pali kena kofanana nako komwe muzikaona kwambiri, makamaka m'mawindo nthawi ya Okutobala, kotchedwa harlequin. Kwawo ndi kum'mawa kwa Asia, anthu anakatengera ku America ndi ku Europe kuti kazidya nsabwe, ndipo kanapezeka ku Britain mu 2004 n'kufalikira msangamsanga. Mtundu wake umasinthasintha, kena ka olenji ka madontho ambiri mpaka 20 kapena kuposa, kena kakuda ka mabala ofiira awiri kapena anayi. Poyang'ana ndi pa miyendo, yake ndi yofiirira pomwe ya ka madontho 7 ndi yakuda, ndipo kawirikawiri pakhosi pake pamakhala poyera ndi chizindikiro chakuda chooneka ngati M. Mphutsi yake ndi yaminga kwambiri ndipo ili ndi mizere iwiri ya olenji m'mbali. Vuto lake ndi loti kamadyanso mazira ndi mphutsi za tizikumbu tinzake, ndipo kachikumbu kena ka konkuno, ka madontho awiri, ndi komwe kachepa kwambiri chibwerere iko, pomwe ka madontho 7 kapirira ndithu. Olo zili choncho musayambe kukapha, kakhazikika kale, kupha kwanu sikusintha kanthu, nsabwe kamadya, ndipo mutha kupha tizikumbu ta konkuno molakwitsa. Chothandiza ndi kujambula chithunzi n'kutumiza pa iRecord, webusayiti yomwe anthu amalembapo zamoyo zimene aziona, a UK Ladybird Survey amagwiritsa ntchito zithunzi za anthu wamba kutsatira momwe mitunduyi ikuyendera.

Zogula ndiye bwanji? Pa intaneti amagulitsa mphutsi ndi tikulutikulu, kuno kawirikawiri ndi ta madontho awiri. Mu girinihausi kapena pa kamtengo kamodzi kovutitsa mphutsi zogula zimathandiza chifukwa siziuluka, muziike madzulo pa tsamba lomwe lili ndi nsabwe, mutathana kaye ndi nyerere ndipo musanapopere chilichonse masabata apitawo. Tikulutikulu pa munda wapoyera ndi kutaya ndalama, mawa lake tambiri tauluka. Abale a ku America, zomwe amagulitsa m'matumba kumeneko nthawi zambiri ndi mtundu wina wotoledwa m'mapiri a ku California pomwe umagona nthawi ya chisanu, ndipo ukamasulidwa chibadwa chake ndi kuuluka kaye mtunda wautali. Ndipo kumeneko ka madontho 7 ndi mlendo, anakabweretsa kangapo kuyambira m'ma 1950, kanapezeka katakhazikika ku New Jersey mu 1973 n'kufalikira m'dziko lonselo, ndipo m'zaka zomwezo ka madontho 9 ka komweko, komwe ndi chizindikiro cha boma la New York, kanasowa mpaka anthu a ku Cornell University anayambitsa ntchito yopempha anthu kuti athandize kukasaka. Kachilombo kabwino kwawo kakhoza kusokoneza kwa eni.

N'chifukwa chake olo mutakakonda bwanji musayerekeze kukaika m'kabotolo kupita nako kumudzi pa holide. Ku Malawi, Zambia ndi Mozambique ka madontho 7 si kwawo ndipo sikofunika, tili ndi abale ake ogwira ntchito yomweyo. Amene munalimapo khobwe kapena nyemba mukukumbukira tizikumbu towala ta mabala achikasu, a olenji kapena ofiirira ozunguliridwa ndi mizere yakuda, ta mtundu wa Cheilomenes, timapezeka pa khobwe, nandolo, thonje, therere ndi ngayaye za chimanga pomwe pali nsabwe. Mazira ake, mphutsi zake ndi zikwa zake n'zofanana ndi zomwe ndafotokozazi, kusiyana mabala chabe, ndiye mukamaimbira foni amayi kapena achimwene omwe ali ndi dimba auzeni ayang'ane kunsi kwa masamba asanasungunule cypermethrin kapena dimethoate mu sipuleya. Ku dimba nsabwe zimavuta kwambiri nyengo yopanda mvula, makamaka kukayamba kutentha cha mu Ogasiti mpaka Okutobala, ndipo malangizo ndi omwewa: kuchepetsa feteleza wa yureya pa masamba, kusiya timaluwa ndi udzu m'malire a dimba osatentha zonse, kuphimbira, kupopera pokhapo pavuta. Madzi a nimu kapena a ombwe saononga tizilombo tothandiza kwambiri ngati mankhwala a m'botolo aja, koma nawonso ndi poizoni ndithu, ombwe amapha nsomba ndiye zotsala musatsanulire mumtsinje.

Pa mtedza pokha musadalire tizikumbu. Nsabwe zakuda za mtedza zimafalitsa matenda a kadukutu, ndipo nsabwe zochepa chabe zimakwanitsa kupatsira matendawo zisanadyedwe. Kumeneko chitetezo ndi kubzala ndi mvula yoyamba, kubzala mothithikana kuti dothi lisaonekere, kuzula mtedza womera wokha wa chaka chatha, ndi mbewu zopirira monga Nsinjiro ndi Baka.

Komanso kumudzi kuli tizikumbu tina ta banja lomweli todya masamba, ndiye si kalikonse kozungulira ka madontho komwe ndi bwenzi. Todya masambato timapezeka pa maungu, nkhaka, mavwende, mbatatesi, mabilinganya, ndipo mtundu wina pa chimanga ndi mapira. Kusiyanitsa kwake n'kosavuta mukazolowera: msana wake si wowala, ndi wa mtundu wa njerwa wozimirira chifukwa uli ndi tiubweya tosalala, madontho ndi ambiri, ndipo mphutsi zake ndi zachikasu, zonenepa, zaminga yanthambinthambi, zoyenda mwaulesi. Umboni waukulu uli pa tsamba lenilenilo, zimapala chobiriwira n'kusiya mitsempha yokha, tsamba n'kumaonekera kuwala kenaka n'kuuma. Mukapeza kachikumbu pa tsamba lopalidwa chonchi ndipo palibe nsabwe pafupi, ako tolani m'mawa kusanatenthe muponye m'chitini cha madzi a sopo pamodzi ndi mazira ake. Mukakapeza pakati pa nsabwe, msana uli wowala, kasiyeni ndipo musapopere bedi limenelo sabata imeneyo.